Nyimbo ya azakhali imene inatsala pang'ono kutchona m'manja mwanga

Ndinabwerera kwathu ku Nkhotakota nditakhala zaka zinayi ku Durban, komwe ndinkaphunzira kuimba sakisofoni, ndipo mukompyuta yanga munali nyimbo 8 zomwe ndinkaziona ngati zapsa kale, zongodikira tsiku lolowa mu situdiyo. Pa nyimbo zimenezo, ziwiri zokha ndi zimene zinalowa m'chimbale momwe ndinazikonzera kunja kuja. Zinazo ndinaziphwasula n'kuyambiranso, moti ntchito imene ndinkati itenga miyezi itatu inandidyera chaka ndi theka. Ndikulemba izi poganizira anzanga amene akuphunzira zoimbaimba kunja, kapena amene angofika kumene, omwe m'makutu mwawo mwadzaza maimbidwe a mayiko osiyanasiyana ndipo akulakalaka kuwalukira pamodzi ndi nyimbo za kumudzi, pakuti pamene ndinapunthwa ine pangathe kupunthwanso wina.

Pamene ndinkanyamuka, amalume anandifunsa chifukwa chake munthu angawolokere malire kukafuna jazz, chonsecho Alan Namoko ndi Chimvu Jazz Band ankaimba jazz ndi banjo m'dziko mwathu momwe muno. Ndinaseka funsolo, poganiza kuti amalumewo akusokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Ku yunivesite ya KwaZulu-Natal, komwe maphunziro a jazz anayambitsidwa ndi Darius Brubeck m'zaka za m'ma 1980 sukuluyo ikutchedwabe University of Natal, ndinaphunzira monga aphunzirira aliyense pa luso limeneli: kumvetsera Charlie Parker ndi John Coltrane mobwerezabwereza, kulemba noti iliyonse imene anaimba, kenako kuyeserera mpaka zala zizolowere. Ndinadziwanso akatswiri a sakisofoni a ku South Africa komweko, monga Kippie Moeketsi, Winston Mankunku Ngozi ndi Zim Ngqawana, ndipo womalizayu anadutsa pa sukulu yomweyo. Kunja kwa kalasi, Durban ndi mzinda wa Amwenye ambiri, choncho ndinazolowera kulira kwa ng'oma za tabla ndi kawerengedwe kawo kena kozungulira pa kugunda 7. Mnzanga wa ku Maputo anandiphunzitsa marrabenta, maimbidwe a kwawo ku Mozambique, wina anandibwereka nyimbo za ku Ethiopia za Mulatu Astatke, ndipo woimba besi m'gulu lathu ankakonda samba ya ku Brazil kuposa chakudya. Zonsezi ndinkazitola ngati mwana wotola mango pansi pa mtengo, osafunsa kuti dengu likwana kapena ayi.

Nyimbo imene ndinkanyadira kwambiri inali ya azakhali anga a ku Linga. Anaipeka okha pamtondo m'zaka zimene amuna awo anapita ku migodi ya ku Joni nthawi ya Theba n'kusiya kulemba makalata, ndipo mawu ake enieni ndi ochepa: anapita ndi mwera, sanabwere ndi mpoto. Ndinakula ndikuimva akamasinja ndi anzawo awiri, minsi itatu ikugwa mosinthana mumtondo umodzi. Ku Durban ndinaitenga nyimboyo kuchokera m'mutu mwanga, ndinaiika pa kugunda 7 kwa Amwenye kuja, pansi pake ndinayala besi ya samba, makodi, omwe ndi manotsi angapo oimbidwa pamodzi, ndinawalemeretsa monga tinkachitira m'kalasi, ndipo pamene ndinaiimba pa mayeso anga omaliza anthu anaombera m'manja nthawi yaitali.

Patapita sabata ziwiri nditafika, ndinanyamula kasipika kakang'ono n'kupita nako kwa azakhaliwo. Ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga m'lichero, ndipo ndinawauza kuti ndawabweretsera mphatso. Anamvetsera mphindi yathunthu maso ali pa mpunga, zala zikutola timiyala, kenako anandifunsa kuti nyimboyo ndi ya anthu a dziko liti. Nditawauza kuti ndi yawo yomwe ija ya pamtondo, anaika lichero pansi n'kundiuza kuti ndiyambirenso. Ulendo wachiwiri anaizindikira penapake cha pakati, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Iwe mwanawe," anatero, "nyimboyi nayonso yatchona ngati amuna anga aja. Ndikuiona nkhope, koma chilankhulo yaiwala." Ndinayesa kufotokoza kuti m'nyimboyo mulibe mawu, ndi lipenga lokha limene likulira, koma iwo anandiyankha kuti lipengalo likulankhula ndithu, kungoti likulankhula ngati mlendo amene waphunzira Chichewa m'buku.

Ndinabwerako ndili wokhumudwa, ndipo kwa masiku angapo ndinkadzitonthoza kuti munthu wachikulire wa kumudzi sangamvetse jazz. Maganizo amenewo ndi msampha umene ndikuchenjeza aliyense wobwera kuchokera kunja, chifukwa amakupatsa chifukwa chosamvera munthu yekhayo amene akukuuza zoona. Chimene chinanditsegula makutu n'chakuti tsiku lina ndinayesa kuimba mawu a nyimboyo ndi pakamwa motsatira manotsi amene ndinalemba, ndipo lilime linakana.

Vuto linali pa zinthu ziwiri zimene aliyense wolankhula Chichewa amachita osaziganizira. Choyamba, kukwera ndi kutsika kwa liwu kumanyamula tanthauzo m'chilankhulo chathu, monga tonse tidziwira kuti mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pamsika zimalembedwa chimodzimodzi koma sizitchulidwa mofanana. Wopeka nyimbo kumudzi amatsatira kukwera ndi kutsika kumeneku, kotero kuti chuni cha nyimbo chimakhala chitabadwira m'mawu ake. Ine, pofuna kuti chunicho chigwirizane ndi makodi anga olemera aja, ndinakweza noti pamene liwu limatsika, ndipo kwa munthu amene mawuwo ali m'mutu mwake, sakisofoni inkatchula zinthu zopanda tanthauzo. Chachiwiri, tikafika kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, moti azakhali akamati "mwera" kapena "mpoto" amatsamira pa "mwe" ndi pa "mpo" asanatere pa phatikizo lomaliza. Koma zala zanga zinali zitazolowera bebop, mtundu wa jazz wothamanga umene Charlie Parker ankaimba, momwe chiganizo cha nyimbo chimakonda kuthera pa manotsi awiri afupiafupi odula mwadzidzidzi, ndipo kudula kumeneko ndi kumene kunkamveka ngati kalankhulidwe ka mlendo. Kuwonjezera apo, kugunda 7 kuja kunachotsa malo a munsi wachitatu, pamene nyimboyo inapekedwa kuti mayi apume mpweya nthawi imene munsi wa mnzake ukugwa.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kayeserero kanga. M'mawa uliwonse, ndisanagwire chipangizo, ndinkalankhula mawu a nyimbo pang'onopang'ono monga timayankhulira, kenako ndinkawaimba ndi pakamwa, ndipo pomaliza ndinkafuna pa sakisofoni manotsi otsatira zimene pakamwa pachita. Ngakhale pofika pa gawo lopeka pomwepo uli mkati moimba, lomwe ndi mtima wa jazz, ndinayamba kupanga ziganizo za Chichewa m'mutu, zilizonse zimene zabwera, n'kumaziuzira m'chipangizo. Poyamba kaimbidwe kanga kanasauka, manotsi anachepa, ndipo liwiro limene ndinalivutikira zaka zinayi linkaoneka ngati lopanda ntchito. Patapita miyezi ndinapeza kuti liwirolo likadalipo, koma tsopano linkadziwa pokapumira. Ndinakumbukiranso Getatchew Mekurya wa ku Ethiopia, amene anatenga shellela, mfuu ya ankhondo a kwawo, n'kuiika pa sakisofoni. Ku Durban ndinkangosirira ukali wa kaimbidwe kake, osazindikira kuti mphamvu yake inachokera poti chipangizocho anachiphunzitsa kulankhula monga anthu a kwawo.

Sukulu yanga yachiwiri inali gulu la mganda la m'mudzi wina kumtunda kwa boma. Amene anaonerako mganda kapena malipenga amadziwa zikho zija zimene amuna amaimbiramo, zomwe pakabowo kake amamatapo kansalu kopyapyala koyera kamene kangaude amaluka. Chikhocho sichitulutsa noti yakeyake monga chitoliro. Munthu amaimbiramo ndi liwu lake, ndipo kansaluko kamanjenjemera n'kulisandutsa liwulo kukhala kulira kwa lipenga. Magule amenewa anabadwa potsanzira perete ndi mabandi a asilikali a nthawi ya atsamunda, makamaka anthu athu atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918, ndipo n'chifukwa chake ovina amavala yunifolomu n'kumaguba m'mizere. Sakisofoni nayo, yomwe Adolphe Sax wa ku Belgium anailembetsa ngati luso lake mu 1846, inayamba kutchuka m'mabandi a asilikali a ku France isanalowe mu jazz. Nditaziika pamodzi mfundo ziwirizi ndinaona kuti chipangizo changa chamkuwa ndi chikho cha mkulu wa mganda uja ndi pachibale, ndiponso kuti kusakaniza maimbidwe akutali ndi a kwathu, kumene ndinkakuyesa nzeru yatsopano yochokera ku Durban, agogo athu anakuchita kalekale. N'chimodzimodzi ndi kwela, imene inafika kuno kudzera mwa anthu obwerera kuchokera ku Joni, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaiumba mpaka kukhala yathuyathu. Funso la amalume lija linasiya kundiseketsa.

Kuti sakisofoni ikhale pakati pa zikhozo osaoneka ngati mlendo wovala suti pa bwalo la mpira, ndinagwiritsa ntchito njira imene oimba jazz amaidziwa kale, yong'ung'udza pakhosi uku ukuuzira, zomwe zimachititsa kuti liwu la chipangizo lituluke lokhakhala ndi lonjenjemera. M'kalasi tinkaiona ngati zokometsera za apo ndi apo, koma pa nyimbo ya mganda ndinaimba choncho kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kujambula gululi ndi kumene kunandiphunzitsa kuti dongosolo la situdiyo silingakakamizidwe pa aliyense. Ndinabwera ndi metronomu, kachipangizo kogunda mosasintha kamene timatsatira pojambula kuti zigawo zonse zidzalumikizane bwino pa kompyuta, ndipo ndinaveka woimba ng'oma yaikulu mahedifoni kuti azikamva. Sanathe ngakhale mphindi ziwiri. Anawavula, anawapachika pa nthambi, n'kundiuza mwaulemu kuti, "Achimwene, kanthu kanuka kakumatsalira m'mbuyo, mwina mabatire atha." Kachipangizoko kanalibe vuto lililonse. Mganda umayamba modekha n'kumakwera liwiro pamene ovina akutenthedwa, ndipo kukwera kumeneko ndi mbali ya guleyo, si kulakwitsa ayi. Tinasiya metronomu, tinajambula gululo pabwalo lawo lomwe likuvina monga limachitira nthawi zonse, ndipo oimba besi, piyano ndi ng'oma za bandi anadzaimba pambuyo pake mu situdiyo ku Lilongwe motsatira zimene tinajambulazo. Zinawatengera masiku awiri kuti azolowere kuthamanga pamodzi ndi anthu amene sakuwaona, koma nyimboyo inatuluka ndi moyo.

Panalinso nkhani ya manotsi amene sapezeka pa piyano. Amayi a pamtondo ndi amuna a mganda amaimba manotsi ena amene amagwera pakati pa makiyi awiri oyandikana, makamaka noti yachitatu imene imasiyanitsa kodi ya major ndi ya minor. Katswiri wa mu situdiyo, pofuna kuthandiza, anawongola mawu a amayiwo ndi kompyuta kuti agwere ndendende pa manotsi a piyano, ndipo titamvetsera tinapeza kuti atsala ngati kwaya ya pa wailesi imene ilibe kwawo. Tinabweza mawuwo momwe analili, ndipo m'malo mwake woimba piyano ndi amene anachotsa noti yachitatuyo m'makodi ake ambiri kuti asalimbane ndi amayiwo. Sakisofoni ili ndi mwayi pamenepa, chifukwa ukamasula pang'ono mlomo wam'munsi noti imatsika kufika pamene pali liwu la munthu.

Sindikunena kuti zonse za kunja ndinazitaya, pakuti chimbalecho chikanakhala bodza chikanabisa zaka zinayi za moyo wanga. Zimene zinatsala ndi zimene zinapeza wachibale kuno. Marrabenta inalowa mosavuta pa nyimbo ya kwela, popeza zonse zimayenda pa makodi atatu omwe aja obwerezabwereza. Manotsi asanu a tizita ya ku Ethiopia, amene kwawoko amaimbira nyimbo za kukumbuka ndi kupukwa, anakhala bwino pa nyimbo imene ndinapeka nditakhala usiku pagombe kuyang'ana nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja ngati mudzi. Tabla nayo inabwerera, koma pa nyimbo ina, ndipo mnzanga wa ku Durban anaijambula komweko n'kunditumizira pa intaneti. Ndinaiika pansi pa kapumidwe kamphamvu kofanana ndi ka sikiri, kamene ndinakula ndikukamva kwa anansi athu achisilamu, poti Nkhotakota yakhala ikuyang'ana kunyanja ya mchere kuyambira m'zaka za m'ma 1840 pamene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika pano ndi malonda ake a minyanga ndi akapolo, n'kusiya Chisilamu ndi mawu a Chiswahili pakati pathu. Ndisanajambule ndinakafunsa kwa shehe wina, amene anandiuza kuti mawu a mapemphero ndisawakhudze, ndipo ndinamvera. Samba ija, pamodzi ndi kugunda 7 pa nyimbo ya azakhali, zinatuluka ndipo palibe amene anazisowa.

Kufunsa kumeneku ndinakuphunzira mochedwa, nditalakwitsa kale. M'miyezi yoyambirira ndinajambula pafoni amayi atatu akuimba pamtondo osawauza, kenako ndinatumiza kachidutswa kwa mnzanga pa WhatsApp kuti amve kagwedwe ka minsi. Sipanathe sabata, mmodzi wa amayiwo anamva liwu lake likutuluka m'foni ya mnyamata wina pamsika, ndipo nyimbo imene ankaimbayo inali yodandaula za apongozi ake. Nyimbo za pamtondo ndi bwalo limene amayi amatulutsirako zakukhosi podziwa kuti zithera pomwepo. Ndinapita kukapepesa pamodzi ndi azakhali, ndipo ngakhale anandikhululukira, mayiyo sanavomerenso kuimba pamaso panga. Kuchokera apo, kulikonse ndinkayamba kwa amfumu, ndinkafotokoza kuti nyimbozo zidzamveka pa wailesi ndi pa intaneti ndipo zidzagulitsidwa, pangano tinkalilemba m'Chichewa n'kuliwerenga mokweza pamaso pa onse, ndipo malipiro ankaperekedwa tsiku lojambula lomwelo, osati kulonjeza kuti chimbale chikadzagulidwa. Mayina a oimba onse ali pachikuto. Polembetsa nyimbo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, nyimbo ya pamtondo ija inalembedwa kuti anapeka ndi azakhali, ine ndinangoikonza. Nyimbo za kudambwe ndi za kutsimba sindinaziyandikire n'komwe, ngakhale ng'oma zake zimandikoka mtima, chifukwa zili ndi eni ake ndi malo ake.

Pali zina zing'onozing'ono zokhudza chipangizo chenichenicho zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanakwere basi yobwerera. Chinyezi cha kunyanja chimamatitsa tizikopa totseka mabowo a sakisofoni, makamaka pa kiyi ya G sharp ndi ya C sharp yam'munsi, zomwe zimakhala zotseka nthawi zonse, ndipo tsiku lina noti inakana kutuluka pakati pa kujambula mpaka ndinalowetsa kapepala pansi pa kachikopako n'kukakoka kangapo kuti litsiro lichoke. Timabango toulira, tomwe timati maridi, timachita nkhungu tikasungidwa tonyowa, ndipo kuno situpezeka m'sitolo wamba, choncho bwerani ndi mabokosi okwanira, podziwa kuti bokosi la maridi a sakisofoni ya mtundu wa tena nthawi zambiri limakhala ndi asanu okha ndipo si onse amene amalira bwino. Phunzirani kusintha nokha tizikopa, tizitsekerero ndi timasipuling'i musanachoke kumene kuli amisiri ake. Mchenga wa pagombe ukalowa m'timfundo ta makiyi umadya chitsulo mwakachetechete, kotero kujambulitsa zithunzi m'mphepete mwa madzi kuli ndi mtengo wake. Nyengo ya mganda ndi yomwenso mwera umaomba, motero tinkajambula m'mamawa mphepo isanalimbe, maikolofoni titawaveka nsalu yaubweya, ndipo zipangizo zonse zinali zoyendera mabatire kuti kuzima kwa magetsi kusatidule pakati, popeza phokoso la jenereta limalowa m'chilichonse chimene mukujambula.

Chimbale chitatha, ndinabwereranso ku Linga ndi kasipika komwe kaja. Nyimbo ya azakhali tsopano imayamba ndi minsi itatu yokha, kenako besi imalowa pa munsi woyamba, ndipo sakisofoni imabwera mochedwa, pamalo pamene mayi woyambitsa nyimbo akanalowera. Chiganizo choyamba chisanathe azakhali anali atayamba kale kuyankha, kuika mawu pamene ine ndinangouzira mpweya, ndipo mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima pampanda n'kulowa nawo. Titafika pa ndime yachiwiri anakweza dzanja kuti ndiimitse. Anandiuza kuti pa "mpoto" wachiwiri ndathamangabe, ndipo anaimba malowo kawiri kuti ndimve kusiyana kwake. Nditamvetsera bwino ndinapeza kuti akunena zoona, koma makope anali atasindikizidwa kale ndipo ndalama yobwerera mu situdiyo inali itatha, choncho noti yofupikayo ili momwemo m'chimbale, pa mphindi yachitatu ya nyimbo yoyamba. Poimba pamaso pa anthu ndimaikoka monga anandiuzira, ndipo oimba besi ndi ng'oma anazolowera kundidikira pamenepo.